A Sikweya ndi Khoma la Mabotolo

Anthu onse ankawatchula kuti a Sikweya, chifukwa cha kachitsulo kopimira ngodya za nyumba kamene sikankachoka m'thumba la ovolosi yawo. Anali bilida, ndipo ubilidawo unawalowa mpaka m'maso. Akapita kukazonda wodwala, asanafunse n'komwe kuti thupi likupeza bwanji, maso ankayamba akwera pa ngodya ya chipindacho. "Anakumangirani ndani muno? Sizili pa sikweya izi." Wodwala ankafunsidwa pambuyo pake.

Ntchitoyi anaiyamba ndi kukankha wilibala, ndipo anamanga kwa zaka makumi atatu ndi zinayi asanakayikirepo chinthu chimodzi, chakuti nyumba yaulemu imamangidwa ndi zinthu zatsopano. Iwo anakulira m'nyumba yofolera ndi zitini za mafuta, zong'amba n'kuziwongola ndi hamala. Mvula ikagwa ankagona chokhala, ndipo dzuwa likawala zilembo za pa zitinizo zinkaonekera kumsewu, moti anzawo a kusukulu ankaima dala n'kumawerenga dengalo mokweza, uku akufa nazo kuseka. Kuchokera nthawi imeneyo, fungo la simenti ndi penti watsopano kwa iwo linali fungo la munthu amene watsanzikana ndi umphawi.

Koma anakwatira mkazi wosataya kanthu, amene ana ake omwe anamupatsa dzina loti a Usataye. Chigubu cha mafuta ophikira chikatha chinkasanduka chotungira madzi, chikabooka ankachidula pakati n'kudzalamo maluwa. Malaya akang'ambika ankakhala nsalu ya pilo, kenako chokolopera, kenako zingwe zomangira mpanda. Kuseri kwa nyumba kunali mulu wa mabotolo, zitini ndi mawaya.

"Mayi, pakhomo pano mwapasandutsa dzala," ankadandaula a Sikweya.

"Dzala lake lomwelo ndi limene mumakafukulapo msomali mukausowa," ankayankha mayiwo osatembenuka n'komwe.

Mwana wawo woyamba, wamkazi, ankangomutchula kuti Chisamba. Ali wamng'ono ankawapititsira bambo ake chakudya kuntchito, n'kukhala pa mulu wa mchenga kumajambula nyumba ndi chala. Sukulu inamukonda, mpaka anadzakhala wojambula mapulani a nyumba. A Sikweya ankalota kuti tsiku lina adzamanga nyumba yosanja yojambula mwana wawo, ya magalasi kuyambira pansi mpaka kumwamba, yoti anthu podutsa aziyang'ana mpaka zipewa kugwa.

Tsono tsiku lina masana Chisamba anafika pakhomo ndi mpukutu wa mapepala kukhwapa.

"Bambo, ndapeza ntchito, ndipo bilida wake ndikufuna inuyo."

A Sikweya anadzuka msangamsanga. Anatsuka m'manja, n'kuvala magalasi.

Ntchito yake inali ya gulu la amayi osoka zovala. Anali atapeza malo pamene panali chinyumba chakale chophikiramo buledi, chong'aluka makoma, ndipo ankafuna kuti chigwetsedwe, pamangidwe holo yosokeramo. Sinali nyumba yosanja, koma a Sikweya anameza malovu n'kunena kuti poyambira ndi pomwepo.

"Chabwino mama. Tiitane chimakina chogumulira chija, tsiku limodzi pakhala mbee, malole atute zonsezo akataye."

"Ayi bambo, sitigumula. Tiphwasula ndi manja, njerwa imodziimodzi. Njerwazo, malata, mitengo ya denga, mazenera, zitseko, zonse tizimangiranso."

A Sikweya anavula magalasi aja, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"Amayiwo zinthu zawavuta?"

"Sizinawavute."

"Nanga bwanji?"

Chisamba anafotokoza zambiri. Ananena za nkhuni zimene zimapsa pootcha njerwa zatsopano, za mtaya wa mzinda umene wadzaza mpaka kufika m'makomo mwa anthu, za mitengo ya kale imene ndi yolimba kuposa ya masiku ano. Bambo ake ankangogwedeza mutu, koma m'mutumo munkazungulira funso limodzi: sukulu yonse ija, mapeto ake n'kudzatola za m'bwinja?

Anaphwasula chinyumbacho kwa milungu isanu. A Sikweya, amene manja awo anazolowera kuyala njerwa, ankakhala pa chitini tsiku lonse n'kumapala simenti yakale pa njerwa ngati akupala nsomba. Mlamu wawo, mchimwene wa a Usataye, ndiye anali kalipentala pa ntchitoyo. Iye ankazula misomali pa mitengo, n'kumaiwongola umodziumodzi, uku akuimba mluzu.

"Alamu, musadandaule," ankawaseka. "Munakwatira m'banja la otola, mwabereka wotola. Mwatsala ndi inu nokha."

Chimene chinawaimitsa mutu koyamba chinali pulani. Moyo wawo wonse ankadziwa kuti pepala ndi limene limalamula: likanena kukula kwa zenera, munthu amapita kukagula zenera lotero. Koma Chisamba anayamba wayala mazenera onse akale pabwalo, n'kuwalemba manambala ndi choko, n'kuwayeza ndi tepi. Analipo asanu ndi anayi, ndipo panalibe awiri ofanana. Atatero ndi pamene anapita kukamaliza kujambula. Pepala litabwera, pamalo pa miyezo panangolembedwa kuti zenera nambala 3, zenera nambala 7.

"Mama, kodi nyumba ikutsatira mazenera, kapena mazenera akutsatira nyumba?"

"Nyumba ikutsatira zimene tili nazo, bambo."

"Ndiye kuti telala ayambe wapeza mabatani, kenako ayeze munthu?"

Chisamba anangoseka mpaka misozi. A Sikweya anamanga. Zenera lalikulu pano, kakang'ono pamwamba pake, lina lalitali ngati la m'tchalitchi pambali. Lililonse analiwongola ndi levulo, ngodya zonse zinali pa sikweya, koma akaima patali n'kuyang'ana, khomalo linkaoneka ngati m'kamwa mwa mwana amene akuguluka mano.

Kenako kunabwera mabotolo. Amayi osoka aja anakhala akuwatolera miyezi itatu m'malesitilanti ndi m'mabala, obiriwira, ofiirira ndi oyera, n'kuwatsuka m'mabafa. Pulani inkanena kuti khoma lakum'mawa, kuchokera m'chiuno kufika ku denga, limangidwe ndi mabotolowo. Ankadula awiriawiri ndi makina, n'kuwalumikiza kukamwa ndi tepi yomata kuti matako aloze kunja ndi m'kati, kenako n'kuwagoneka m'simenti ngati njerwa.

A Sikweya anaganiza kuti njerwa zachepa, ndipo mwana akuchita manyazi kunena. Sanafune kumuumiriza. Anayala mabotolowo mizeremizere, chingwe chili chokoka, mtima uli kwina.

Malowo anali m'mbali mwa msewu wodutsa anthu ambiri. Ena ankaima n'kumaloza. Tsiku lina kunadutsa bilida mnzawo wakalekale, ali pa njinga yamoto. Anaima, n'kukweza galasi la chipewa chake.

"A Sikweya! Kodi mukumanga bala? Kapena mwamwa nokha onsewa?"

"Ndi pulani, achimwene."

"Pulani ya mwana uja munkatinyadira naye? Pepani, pepani ndithu."

Anapita akuseka. A Sikweya anaima pa thabwa lokwerapo, botolo lili m'manja, ndipo m'makutu mwawo munamveka ana a sukulu aja akuwerenga denga la zitini.

Khoma litatha, Chisamba anachoka kwa mlungu umodzi kukaona ntchito ina kutali. Tsiku lachiwiri chichokereni, chakumadzulo, kunabwera mayi wapampando wa gulu la osoka, mayi wamkulu thupi, wosalankhulalankhula. Analowa m'holomo, n'kuima kutsogolo kwa khoma la mabotolo nthawi yaitali, dzanja lili pachibwano. Anabwerera m'mbuyo, n'kuyeza pansi ndi mapazi, n'kuyang'ananso.

"Ndiye likhala chonchi?" anafunsa.

"Eee, mayi," anayankha a Sikweya, mawu ali pansi.

"Hmm," anatero mayiyo, n'kutuluka.

Hmm ameneyo a Sikweya anapita naye kunyumba, anadya naye, anadzuka naye. Anamutembenuza uku ndi uku, ndipo mbali zonse ankamveka chimodzimodzi: mayiyo sanakondwe, ndipo mwana wawo achotsedwa ntchito yake yoyamba, dzina lake liipa asanayambe n'komwe. Mwana akagwa pamaso pa anthu, kholo silifunsa kaye kuti ndikudzutse kodi. M'mawa mwake anaitanitsa mchenga wosefa.

Kalipentala, ali pa denga, anasuzumira pansi.

"Alamu, mukutani?"

"Ndikupaka pulasitala."

"Mwamufunsa mwini pulani?"

"Ndinayamba kumanga iye asanabadwe."

"Paja safunsa anadya phula, alamu."

"Inu khomani malata anu obookawo."

Anapaka m'kati ndi kunja komwe, masiku awiri. Kunena zoona, pa makoma onse amene a Sikweya anapakapo, limeneli linaposa. Linali see, losalala ngati tebulo, moti botolo ngakhale limodzi silinkadziwika kuti lili m'katimo. Anaima patali, napuma mpweya wautali. Koyamba chiyambire ntchitoyi, anaona chinthu chooneka ngati nyumba.

Chisamba anabwera Lolemba m'mawa. Analowa m'holomo akulankhula pa foni, ndipo mawu ake anadukira pakati. Denga linali litatha, ndipo mbali yakum'mawa yonse munali mdima ngati mosungira katundu. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa khomalo, n'kuligwira ndi chikhatho.

"Bambo, mabotolo aja ali kuti?"

"Ali momwemo, mama. Ndawabisa bwinobwino. Palibe angadziwe."

Mwanayo anakhala pa chitini. Sanakalipe, ndipo a Sikweya akanakonda akanakalipa. Anangotulutsa pulani m'chikwama, n'kutsegula tsamba lachiwiri, n'kuloza mawu amene analembedwa ndi zilembo zazikulu m'munsi mwa khomalo, akuti lisapakidwe pulasitala. A Sikweya anali atawaona mawuwo kale, koma anangoti ndi kulakwitsa kwa makina olembera, pakuti khoma losapaka ndi khoma losatha.

"Bambo, inu mumaganiza kuti mabotolowo ndi a chiyani?"

"Ndimayesa njerwa zinakuthera."

"Njerwa zatsala mulu uko kuseri, simunauone?"

Anali atauona. Umenewonso unkawazunguza mutu, koma anausiya.

"Amayiwa amasoka kuyambira m'mawa," anatero Chisamba. "Kumene ali panopa amayatsa magetsi masanasana kuti aone bowo la singano, ndipo magetsi akazima ntchito imaima. Khomali ndiye nyale yawo. Limalowetsa kuwala, koma osalowetsa kutentha ngati galasi, komanso wakuba sangaliswe n'kulowa."

"Nanga mayi wapampando uja? Anaima pano, n'kunena kuti hmm."

Chisamba anamuimbira foni pomwepo, n'kukweza mawu kuti bambo ake amve. Mayiyo anadabwa. Anati tsiku lija ankayeza ngati tebulo lodulirapo nsalu lingakwane pansi pa khomalo, pamene pali powala kwambiri, ndipo hmm uja anali wa tebulolo, chifukwa linkaoneka kuti litalika ndi phazi limodzi.

A Sikweya anafuna kupepesa, koma pakamwa panatuluka zina.

"Koma ndapaka bwino."

"Mwapaka bwino kwambiri, bambo," anatero mwanayo, ndipo apa ndi pamene misozi inalengeza m'maso mwake. "Vuto lake ndi lomwelo."

Kupaka kunatenga masiku awiri, kuchotsa kunatenga masiku khumi ndi limodzi. Anakana kuti wina awathandize. Ankakhala pa thabwa ndi katchizulo kakang'ono ndi hamala yopepuka, n'kumagogoda pang'onopang'ono, kufunafuna thako la botolo lililonse ngati munthu wofukula mbatata yosafuna kuitema. Akamva kuti phwaa, ankatseka maso. Anaswa mabotolo makumi anayi ndi awiri, ndipo amene amayi aja anatolera anali atatha.

Madzulo ena anazungulira kuseri kwa nyumba yawo, n'kuima pa mulu uja, manja ali kumbuyo. A Usataye anawapeza pomwepo.

"Mukufuna chiyani pa dzala langa?"

"Ndimangoona."

"Onani msanga, ndikufuna kukataya mawa. Paja mumati pakhomo pakuipa."

"Mayi, musandivute. Ndibwerekeni mabotolo."

"Kubwereka? Mudzabweza liti?"

Anawapatsa, koma anawerenga limodzilimodzi mokweza kuti aneba amve, n'kuwaperekeza ndi wilibala mpaka pamsewu.

Atamaliza kutsuka khomalo ndi nsanza yonyowa, m'mawa mwake a Sikweya analawirira kuntchito dzuwa lisanakwere. Atatsegula chitseko anaima pakhomo pomwepo. Pansi ponse, pa njerwa zakale zija, pa ovolosi yawo ndi pa manja awo, panali timadontho ta kuwala, tobiriwira, tofiirira ndi toyera, ngati munthu wamwaza mikanda. Anatulutsa nyuzipepala m'thumba n'kuwerenga tizilembo tating'onoting'ono popanda magalasi. Kukongola anakuona ndithu, sakanakana. Koma anakhala pa chitini n'kumadzifunsa kuti chinthu chimene chimalowetsa dzuwa chonchi n'khoma kapena ndi zenera, ndipo ngati ndi zenera, iwo zaka zonsezi ankamanga chiyani.

Amayi aja analowa ndi makina awo, ndipo mbiri ya holoyo inafala. Anthu ankabwera kudzasoketsa zovala n'kumajambulitsa pa khomalo. Bilida wa njinga yamoto uja anadzabweranso, ulendo uno atavula chipewa, kudzafunsa kuti simenti yake amasakaniza bwanji kuti igwire galasi. A Sikweya anamuuza zonse, koma akuyang'ana kumbali, poopa kuti mwina akuwaseka mwa njira ina.

Patapita miyezi ingapo anaitanidwa ndi bwana wina wa malole, amene ankamanga nyumba yaikulu kumtunda kwa mzinda. Anati waona holo ija, ndipo akufuna nyumba yake ioneke chimodzimodzi, ya zinthu zakale. A Sikweya anapita ndi mlamu wawo. Atafika anapeza mabokosi a mabotolo atsopano, oitanitsa ku fakitale, osalowamo chakumwa chiyambire. Pakhonde panatsamira chitseko chatsopano cha mtengo wolemera, chonyezimira vanishi.

"Ichi," anatero bwanayo akuchimenya ndi chikhatho, "ndikufuna muchikalambitse. Muchikwapule ndi tcheni, muchiboole ngati chadyedwa ndi chiswe, muchiwaule pang'ono ndi moto. Alendo akabwera aziti chili ndi mbiri."

Kalipentala anayang'ana a Sikweya. A Sikweya anayang'ana chitsekocho. Anatuluka panja n'kumuimbira Chisamba.

"Mama, tandithandiza. Munthu akagula chatsopano n'kuchiwononga kuti chioneke chakale, zimenezi ndi zija umanena zija?"

"Ayi bambo, zimenezo ndi zina."

"Koma akuti akutengera iweyo."

"Bambo, apa ndiye nanenso sindikudziwa," anatero mwanayo.

A Sikweya anabwerera pakhonde paja. Kukwapula chitseko chosalakwa manja awo sakanalola. Ndiye anangoyankhula zimene zinabwera pakamwa.

"Bwana, ngati mukufuna chakale, ine kwathu ndili nacho. Chinalowa m'nyumba mwanga mwana wanga woyamba akukwawa. M'munsi chinadyeka ndi mvula, chigwiriro tinasintha katatu."

Maso a bwanayo anawala. Anatumiza lole tsiku lomwelo, ndipo atachiona anachisisita ngati ng'ombe yogula. Anasinthana. Chatsopano chija kalipentala anachichepetsa m'mbali n'kuchiika pa nyumba ya a Sikweya, ndipo aneba anabwera kudzachiona, ena n'kumachinunkhiza. Mlamu wawo ankauza aliyense kuti alamu ake amupusitsa munthu wolemera. Koma mlonda wa kwa bwana uja ankauza anzake kuti abwana apeza chitseko chosowa kwa mdala wina wosadziwa kanthu. A Sikweya anamva mbali zonse ziwiri, ndipo sanadziwe kuti akhulupirire iti.

Nyumba ya bwanayo itatha, anapitako tsiku lina masana kukatenga levulo imene anaiwala. Anakwera masitepe a miyala yosalala, n'kupeza chitseko chawo chili pakati pa mizati iwiri, atachipaka mafuta, kanyale kakuchiunikira kuchokera pamwamba. Cha m'mphepete mwake munkaonekabe timizere ta msomali timene ankalemba poyeza msinkhu wa ana chaka ndi chaka, ndi dzenje limene mwana wawo wachiwiri anaboola ndi foloko tsiku limene anamutsekera kunja. Dzanja lawo linapita lokha pamene ankakankha ndi phewa chikamakanirira nthawi ya mvula. Analibweza, n'kulipukuta pa ovolosi, n'kuvula chipewa.

"Odi," anatero a Sikweya, n'kuima kudikira kuti wina awatsegulire.